Zakudya zolimbitsa thupi la munthu ndi la galu: momwe mungachitire musanathamangire mabotolo

Mukalowa m'famase ya ku Manda Hill, East Park kapena ya mu Cairo Road muno mu Lusaka, mupeza shelefu yathunthu ya mabotolo osalira kalata ya dokotala: mafuta a nsomba, moringa wa m'makapisozi, turmeric, glucosamine wa m'malo olumikizira mafupa, ma probiotic (tizilombo tabwino tothandiza m'mimba). Ogulitsa a pa WhatsApp nawo sagona tulo. Malonda omwewa afikanso kwa agalu, moti m'mashopu a za ziweto muli kabotolo ka ubweya, ka mafupa, ka m'mimba.

Akatswiri amazigawa pawiri zinthu zimenezi. Pali chakudya wamba chimene, kuwonjezera pa kukhutitsa, chili ndi kanthu kena kothandiza thupi kudziteteza ku matenda. Ichi amachitcha functional food, ndipo dziko la Japan linakhazikitsa dongosolo loika chizindikiro cha boma pa zakudya zotere mu 1991. Ndiye pali kanthu komweko akakachotsa m'chakudya n'kukaika m'piritsi, mu ufa kapena m'mafuta. Apo amati nutraceutical. Zambiri za gulu loyambalo zili kale pa matebulo a m'misika ya ku Soweto, ku Chilenje ndi ku Mtendere, ndipo zina mumphika mwanu momwemo. Ine ndimaona kuti chofunika ndi kutsata ndondomeko: kuchotsa kaye zowononga, kuwonjezera zabwino zotsika mtengo, botolo n'kubwera pambuyo ngati likufunikadi. Galu ndamuikamo dala, chifukwa m'makomo ambiri muno amadya za mumphika womwewo, koma thupi lake silili ngati lathu.

Choyamba: yang'anani ufa, nshawa ndi gaga

Mu August 2024, nduna ya zaumoyo ya Zambia ya nthawiyo, Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anali atafa m'mwezi umodzi, ndipo poizoni wa aflatoxin wa m'chimanga ndi amene ankaganiziridwa. Pa zitsanzo 25 zimene anatenga m'makampani ogaya, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoniyu wochuluka mopyola muyeso. Chinali chaka cha chilala, ndipo chimanga chikavutika ndi dzuwa m'munda, chuku amene amatulutsa aflatoxin amalowa mosavuta. Agalu ndi amene anaonetsa vutoli msanga chifukwa chiwindi chawo sichipirira poizoniyu, komanso chifukwa amadya chinthu chimodzimodzi tsiku lililonse. Kwa munthu amagwira ntchito pang'onopang'ono: amawononga chiwindi, ndipo ndi chimodzi mwa zoyambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi hepatitis B.

Choipa chake n'chakuti kuphika sikumupha. Ngakhale nsima itapsa bwanji, nshawa zitakazingidwa bwanji, poizoni amakhalamobe. Choncho ntchito yake ndi ya maso ndi mphuno.

Nshawa, kapena kuti mtedza, zithireni mu lichero musanasinje. Chotsani zonyala, zosweka, zofumbwa, zakuda ndi zobiriwira mkati. Ikakuwawani mkamwa, lavulani. Zimene mwasankhulazo musapatse galu kapena nkhuku. Kwirirani kapena otchani. Nsinjiro yogula yosinjasinja ndi yovuta kuidziwa, chifukwa nshawa zoipa zikagayidwa sizionekanso, ndiye ngati mungathe gulani zathunthu mukasinjitse nokha. Ufa ukamanunkha chinyezi kapena wachita mibulu, usiyeni. Thumba likhale pa thabwa, osati pansi pa simenti kapena kutsamira khoma, makamaka nyengo ya mvula. Thumba la chakudya cha galu cha m'sitolo nalonso chimodzimodzi: onani tsiku lothera ntchito, tsekani bwino mukapungula, ndipo musagule lalikulu loti likhala miyezi itatu lili chitsegulire. Gaga wotchipa amene ena amaphikira agalu ndi amene amayenera diso kwambiri, chifukwa poizoniyu amachuluka m'makoko a chimanga.

Galu akasiya kudya, kumasanza, maso ndi nkhama zake n'kuchita chikasu, musadikire mawa. Mutengereni kwa dokotala wa ziweto pamodzi ndi chakudya chimene wakhala akudya.

Chachiwiri: patulani gawo la galu musanathire anyezi

Ichi ndi chizolowezi chaching'ono koma chimapulumutsa. Ndiwo zathu pafupifupi zonse zimayamba ndi anyezi m'mafuta. Kwa ife anyezi ndi adyo ndi zabwino. Kwa galu zimaphwanya maselo ofiira a m'magazi, kaya ndi zaziwisi, zophika kapena za ufa. Msuzi wa tsiku limodzi sungagwetse galu wamkulu, koma wa tsiku ndi tsiku umamuchepetsa magazi, ndipo kagalu kakang'ono sikafuna wambiri. Ndiye nyama kapena nsomba ikawira m'madzi, tungani kaye msuzi ndi nthuli za galu, kenako thirani mchere, anyezi, tsabola ndi timakyubu tokometsera twanu.

Zina zosayenera kufika m'mbale yake ndi chokoleti, mphesa zaziwisi ndi zouma, tiyi, khofi, mowa ndi masese ake, komanso chingamu kapena maswiti okhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol, amene amagwetsa shuga wa m'magazi a galu mwadzidzidzi. Mafupa ophika a nkhuku amathetheka n'kubaya m'matumbo. Panado ndi brufen wa m'kabati mwanu musamupatse. Mlingo umene munthu amamwa bwinobwino ungathe kuwononga chiwindi, impso kapena chifu cha galu.

Chachitatu: nsima ipezereni mnzake

Pano ndi pamene nkhani ya munthu ndi ya galu zimakumana bwino. Kale ku America, anthu osauka odalira chimanga ankadwala pellagra: khungu lothetheka m'malo owombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba, kusokonezeka mutu. Dokotala wina, Joseph Goldberger, anaonetsa kuti gwero lake ndi chakudya, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ankadyetsa agalu zakudya zofanana ndi za anthuwo. Agaluwo ankadwala matenda a lilime lakuda. Mu 1937 Conrad Elvehjem anachiritsa agalu otere ndi niacin, vitamini amene m'chimanga alimo koma thupi limalephera kumutenga bwino. Galu wa mkute ndi nkhoko zokhazokha ali pa njira yomweyo, ndipo mwana wa phala la ufa woyera ndi shuga sali kutali. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu muno mu Zambia anali opinimbira.

Yambani ndi ufa. Roller, mgaiwa wathu uja, amasunga mtima wa chimanga ndi gaga pang'ono, ndiye ali ndi mavitamini, mafuta ndi zothandiza kuyendetsa m'mimba kuposa ufa woyera wa breakfast. Ndikudziwa kuti m'nyumba zina roller amaoneka ngati chizindikiro chakuti mwezi wafika pakona, koma thupi silidziwa za ulemu umenewo. Ngati apabanja akukana, sakanizani theka ndi theka. Mukapeza ufa wa chimanga cha orange, chimene mbewu zake zinatulutsidwa muno mu 2012 kudzera mu bungwe la boma lofufuza za ulimi la ZARI ndi bungwe la HarvestPlus, tengani: chili ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A. Shuga wa m'masitolo nayenso amathiridwa vitamini A kuyambira 1998, koma chimenecho si chifukwa chothirira masipuni anayi mu tiyi.

Mnzake weniweni wa nsima ndi kapenta. Poti timadya ndi mutu ndi minga zomwe, amapereka calcium, ayironi, zinc ndi zomanga thupi nthawi imodzi, pamodzi ndi mafuta a omega-3 pang'ono. Wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga, onse ndi abwino. Wa mwana wamng'ono, kazingani pang'ono popanda mafuta, sinjani, sefani, n'kumathira sipuni imodzi m'phala pamodzi ndi nsinjiro. Wa galu, viikani m'madzi ofunda kwa mphindi khumi kuti mchere ndi mchenga zichoke, tayani madziwo, wiritsani. Kadzanja kamodzi, kawiri kapena katatu pa sabata, kamakwanira galu wapakatikati. Amene akufuna omega-3 wochuluka agule mackerel ya m'firiji yochokera ku Namibia, yomwe ndi nsomba ya m'nyanja ya mchere yamafuta. Ya galu iphikidwe ndipo minga zikuluzikulu zichotsedwe.

Dzira lophika ndi labwino kwa onse. Chiwindi nacho, koma pang'ono: kamodzi pa sabata n'kokwanira, chifukwa vitamini A wa m'chiwindi akachuluka amaunjikana m'thupi. Nyemba, khobwe ndi nzama ziviikeni usiku wonse n'kutaya madziwo. Zimapsa msanga, makala amapulumuka, ndipo thupi limatenga bwino ayironi wake. Galu angadye nyemba zopsa bwino zochepa, koma sizingalowe m'malo mwa nyama kapena nsomba.

Pali vuto limodzi limene eni agalu ambiri saliona. Nsima ndi mnofu zilibe calcium wokwanira, ndiye ana agalu okulira pa zimenezi amapindika miyendo. Utuchi wa mafupa umene amagulitsa m'mabutchala umathandizako, malinga ukhale watsopano ndipo uwiritsidwe, popeza umawonongeka msanga pa kutentha, malaiti akapita maola ambiri. Njira ina ndi zikamba za mazira: wiritsani, yanikani, sinjani mpaka zikhale ufa wosalala. Kwa galu wamkulu wodya zophika pakhomo zopanda mafupa, theka la sipuni yaing'ono pa hafu kilo ya chakudya ndi muyeso umene ambiri amatsata. Koma galu wodya chakudya cha m'thumba cholembedwa kuti n'chokwanira musamuwonjezere, ndipo kwa ana a agalu a mitundu ikuluikulu monga Boerboel ndi German Shepherd funsani kaye dokotala wa ziweto, chifukwa kwa iwo calcium wopyola muyeso amawononganso mafupa.

Chachinayi: masamba ndi zachikasu, koma kaphikidwe kake

Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku kwa munthu wamkulu. Kandiwo ka repu ka m'mbali mwa mbale sikafika pamenepo. Chibwabwa, bondwe, kalembula, katapa, delele ndi impwa zilipo pafupifupi chaka chonse, ndipo masamba akudera athu amaposa kabichi kutali pa ayironi ndi vitamini A.

Pophika, madzi akhale ochepa ndipo ndiwo zichoke pamoto zikadali zobiriwira. Soda amafewetsa msanga, inde, koma amapha vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Musiyeni, kapena akhale wa delele yekha. Katapa yekha ndiye amafuna kusinjidwa ndi kuwira mokwanira, chifukwa wamuwisi ali ndi poizoni. Kutendera ndi nzeru yakale yomwe sayansi imavomereza: vitamini A wa m'masamba, m'maungu, m'karoti ndi m'mbatata yofiira mkati amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndipo nsinjiro imapereka mafutawo. Tomato wamuwisi, ndimu, gwafa kapena madzi a malambe pa nthawi ya chakudya zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Tiyi amachita zosiyana, ndiye dikirani ola limodzi mukadya musanatereke ketulo.

Moringa, cham'mwamba uja wa kumpanda, ndi ndiwo yabwino. Thyolani masamba, tsukani, yanikani pamthunzi, sinjani, muzithira sipuni m'phala kapena m'nyemba zikatsala pang'ono kupsa. Mtengo umodzi kuseri kwa nyumba umakwanira banja. Koma ndi ndiwo basi. Amene akukuuzani kuti achiritsa shuga, BP kapena HIV akufuna ndalama zanu. Mizu ndi makungwa ake amayi oyembekezera asagwiritse ntchito.

Galu amapanga yekha vitamini C m'thupi mwake, ndiye malalanje ndi malambe sakuwafuna. Chimene chimamuthandiza ndi dzungu lophika lopanda shuga ndi mchere: sipuni imodzi kapena ziwiri zimakonza chimbudzi, kaya chalimba kapena chafewa pang'ono. Karoti, mbatata yophika ndi chibwabwa chofewa chodula tizidutswa angadyenso.

Chachisanu: zowawasa

Mabisi, yogati wopanda shuga, munkoyo ndi thobwa zili ndi tizilombo tabwino ta lactic acid, tofanana ndi timene amagulitsa m'mabotolo a probiotic. Kuwawasa kumachepetsanso shuga wa mumkaka amene amatsegula ena m'mimba. Mukapanga mabisi pakhomo, wiritsani kaye mkaka, chifukwa wamuwisi ungabweretse matenda ochokera ku ziweto monga brucellosis ndi TB ya ng'ombe. Munkoyo wa m'njira umadalira madzi amene anapangira; tonse tikukumbukira kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala. Gulani kwa munthu amene ukhondo wake mumaudziwa, ndipo shuga achepe.

Galu mupatseni mabisi kapena yogati wosatsekemera, sipuni imodzi kwa wamng'ono, ziwiri kapena zitatu kwa wamkulu. Akatsegula m'mimba, lekani. Munkoyo ndi thobwa ayi, poti zikagona zimasanduka mowa.

Chachisanu ndi chimodzi: sinthani chimodzi chimodzi, muziona

Mimba ya galu imadana ndi kudzidzimutsidwa. Chakudya chatsopano chilowe kwa sabata yathunthu: masiku awiri oyamba gawo limodzi mwa magawo anayi, kenako theka, kenako magawo atatu, pomaliza chonse. Ngati galu amadya chakudya chokwanira cha m'thumba, zowonjezera zonse zisapyole gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene amadya pa tsiku.

Kamodzi pa sabata mugwireni. Yendetsani dzanja m'nthiti: muzizimva mosavuta koma zisamaonekere patali. Kwezani mlomo wam'mwamba muone nkhama. Zikhale zofiirira ndi zonyowa. Zikayera ngati pepala, magazi achepa, ndipo muno mu Lusaka kawirikawiri ndi matenda a nkhupakupa kapena njoka za m'mimba, zomwe kapenta sangachiritse. Katemera wa chiwewe ndi wa parvo (matenda osanzitsa ndi kutsegula m'mimba amene amapha ana a agalu), mankhwala a njoka ndi osambitsira nkhupakupa alibe cholowa m'malo.

Kwa anthu a m'nyumba, sikelo ya ana, kuyezetsa BP ndi shuga ku kiliniki ndi zimene zingakuuzeni ngati kusinthako kukugwira. Mchere usapyole magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'kapenta, m'soseji ndi m'timakyubu.

Chachisanu ndi chiwiri: botolo, ngati likufunika

Alipo amene mapiritsi owonjezera amawafunadi. Amayi oyembekezera amapatsidwa ayironi ndi folic acid ku sikelo, ndipo amwe mosadumphitsa. Ana amalandira vitamini A pa sabata ya umoyo wa ana. Wopezeka ndi magazi ochepa amwe zimene wapatsidwa. Zimenezi ndi za ku chipatala, zoyezedwa. Zina zonse muzidzifunsa kaye: ndikufuna chiyani kwenikweni, ndipo anandiyeza ndani?

Kwa agalu, chowonjezera chimene chili ndi umboni wabwino kuposa zina ndi mafuta a nsomba okhala ndi EPA ndi DHA (mitundu iwiri ya omega-3), kwa galu wokalamba wa nyamakazi amene amavutika kudzuka m'mawa wa June. Mlingo wake umatengera kulemera, ndiye aunene ndi dokotala wa ziweto. Kuli zipatala za ziweto m'tauni, komanso ku sukulu ya madokotala a ziweto ya UNZA mu Great East Road. Musasokoneze ndi cod liver oil, mafuta a m'chiwindi cha nsomba, amene ali ndi vitamini A ndi D wambiri woti galu sangamwe mochuluka. Glucosamine amagulidwa kwambiri, koma umboni wake, kwa anthu ndi kwa agalu, ndi wofooka. Galu wonenepa wa nyamakazi kumuchepetsa thupi kumamuthandiza kuposa botolo lililonse, ndipo n'kwaulere.

Pogula, gulani m'famase yovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati m'basi kapena kwa munthu wokuitanirani ku msonkhano woti mukhalenso wogulitsa. Botolo lionetse dzina ndi adiresi ya opanga, nambala ya gulu (batch number), tsiku lothera ntchito, ndi kuchuluka kwa chinthu chilichonse m'mamiligalamu. Pa mafuta a nsomba musayang'ane 1000 mg yolembedwa kutsogolo. Tembenuzani muone EPA ndi DHA kuti ndi zingati. Boolani kapisozi mmodzi mununkhize: akanunkha nsomba yovunda, mafuta awonongeka. Lolembedwa kuti limachiritsa matenda khumi libwezeni pa shelefu.

Gawo lomaliza ili ndi la amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo ndi ambiri pakati pathu. Ma ARV amene ambiri amamwa masiku ano ali ndi mankhwala otchedwa dolutegravir. Mapiritsi a calcium, ayironi, magnesium ndi mankhwala a chilungulira amamanga dolutegravir m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. Lamulo lodziwika n'lakuti ARV amwedwe maola awiri musanamwe zimenezi, kapena maola sikisi mutamwa. A ku kiliniki angakuuzeni ngati za calcium ndi ayironi mungamwere pamodzi ndi chakudya. Chitsamba cha St John's wort, chopezeka m'mabotolo ena a tulo ndi nkhawa, chimafooketsa ma ARV ndi mapiritsi a kulera. Amene ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, asamale ndi makapisozi a adyo, turmeric ndi mafuta a nsomba ochuluka, poti magazi angachedwe kuundana. Turmeric wa m'ndiwo alibe vuto, koma wa m'makapisozi amphamvu wavulazapo chiwindi cha anthu ena. Amayi oyembekezera asamwe vitamini A wa mlingo waukulu popanda dokotala, ndipo uchi, ngakhale wabwino wa ku Mwinilunga, usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka.

Tsiku lokatenga mankhwala likafika, ikani m'chikwama mabotolo onse ndi timapaketi ta zitsamba timene mukumwa, ngakhale taufa ta kwa azakhali, mukaonetse namwino kapena wa ku famase. Popita ndi galu kwa dokotala wa ziweto chitaninso chimodzimodzi, ndipo jambulani pa foni mbali ya thumba la chakudya chake pamene palembedwa zosakaniza ndi nambala ya gulu.